Dothi Lodzaza Dzanja Limodzi

Anandilanda dothi. Si munda ayi, si malo omangapo nyumba. Ndi dothi lodzaza dzanja limodzi, lija mwana amaponya m'manda a mayi ake anthu asanayambe kukwirira. Limenelo ndi limene ndinalandidwa. Ndipo kwa nthawi yaitali ndinkanena kuti wondilanda ndi amalume anga, a Kachingwe, amene akhala apowa pafupi ndi zenera.

Abusa andipempha kuti ndisatalikitse. Musade nkhawa. Zokometsera nkhani sindizidziwa.

Dzina langa ndi Limbani. Ndinabwera kuno ku America nditangomaliza sekondale, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Amalume ndi amene anandiitanitsa. Iwo amagwira ntchito ku banki yaikulu ija ya mu Washington. Anandipezera malo ku yunivesite ya ku Fairfax, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndinkadzagona kwawo kuno ku Hyattsville. Mpingo uno ndinkaudziwa. Ndinkabwera chifukwa pambuyo pa mapemphero pamakhala chakudya.

Ndinakulira m'tauni ndi m'sukulu zogonera konko. Maliro ndinkangowaona akudutsa pamsewu. Panalibe munthu amene anandibweretserapo uthenga wa imfa.

Tsiku lina masana, pakati pa sabata, amalume anatulukira kuchipinda changa ku Fairfax. Sanali okha. Anali ndi a Mwanza, mkulu wa mpingo uno, akwathu ku Chipata aja. Onse awiri anavala majekete akuda. Anakhala pabedi chifukwa mpando unali umodzi. Tiyi anakana. A Mwanza anavula chipewa ndi kuchiika pabondo.

Kenako amalume anati, "Mphwanga, kumudzi sikuli bwino. Amayi ako adwalika. Ndege ilipo mawa. Malo ako ndasungitsa kale."

Inu akuluakulu mwamva kale. Amuna awiri abwera masana, asiya ntchito, akana tiyi, chipewa chili pabondo, akuti adwalika. Mwana aliyense wa kumudzi akanayamba kulira pomwepo. Ine sindinamve.

Ndinati, "Mayeso akuyamba Lolemba, amalume. Ndipita ndikamaliza. Mukawatengere ku chipatala chabwino."

"Adwalika kwambiri, mphwanga."

"Ndamva."

A Mwanza anayang'ana pansi. "Mwana wanga, nkhani ni yaikulu iyi."

Ine ndinayang'ana wotchi. Anaimirira, anatsanzika, anapita.

Amalume anakwera ndege okha, mpando wanga uli wopanda munthu pambali pawo. Kumudzi anali atasunga thupi ku chipatala kuti atidikire. Anaika maliro ine ndili mu laibulale, ndikuloweza zinthu zimene lero sindikumbukako ngakhale chimodzi.

Nditamaliza mayeso ndinakwera basi kubwera ku Hyattsville. Kunyumba kwa amalume ndinapeza mipando yonse ataikankhira kukhoma, amayi a mpingo uno atakhala pansi pa kapeti, akuimba motsitsa mawu. Amalume anali atabwerako, mutu atameta. Mayi wina anandigwira dzanja nati, "Pepa, mwana wathu." Umo ndi momwe ndinadziwira.

Ndinawauza amalume pamaso pa anthu onse kuti, "Munandinamiza."

"Ndinakuuza," anatero.

"Simunanene kuti amwalira."

"Mawu amenewo munthu samuponyera mwana choncho."

Ndinatuluka. Chitseko ndinachimenyetsa. Ena mwa inu munalipo.

Mayeso aja ndinakhoza. Koma ku sukulu sindinabwererenso. Ndinapeza ntchito yothira mafuta m'magalimoto, ndi chipinda chogawana ndi anyamata ena. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anatha mphamvu, ndipo sindinasamale. Mowa ndinkamwa ngati mankhwala, osamva kukoma. Amalume akaimba foni kuntchito ndinkauza mnzanga kuti anene kuti kulibe munthu wa dzina limenelo.

Ndinadana ndi Chichewa. Ndinkati ndi chiyankhulo cha anthu amantha, chozungulira chinthu ngati galu wofuna pogona. Munthu wafa, inu mukuti watisiya, watsogola, wapuma, wadwalika. America ndinaikonda pa chifukwa chimodzi. Kuno bwana akakuchotsa ntchito amakuuza kuti wachotsedwa. Mwininyumba akafuna utuluke amati tuluka. Zimapweteka, koma sulakwitsa kumva.

Makanika wina wa pafupi ndi kuntchito anali ndi njinga yamoto yakale imene inkangoola kuseri kwa galaja. Ndinaigula. Chilimwe chitafika ndinamangirira tenti ndi bulangete kumbuyo, ndi kuloza kumadzulo. Sindinatsanzike munthu. Ndinali ndi mapu a nkhalango zotetezedwa ndi boma, chifukwa ndinamva kuti kumeneko munthu amagona motchipa ndipo palibe amene amakufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani.

Ndinayambira pafupi pompa, ku mapiri a Shenandoah. Tsiku lina ndinasiya njinga ndi kuyenda m'kanjira, ndipo ndinapeza manda pakati pa mitengo. Miyala yopendekeka, ina yopanda mayina. Mlonda wa nkhalango anandiuza kuti kale munali midzi, anthu anasamutsidwa pokhazikitsa nkhalangoyo. Amoyo anapita, akufa anatsala. Ndinangoti, choncho ndi kuno komwe anthu amasiya akufa awo. Sindinamve chisoni. Nthawi imeneyo sindinkamva kanthu.

Dziko ili ndi lalikulu mopanda ulemu. Umayenda tsiku lonse m'munda umodzi wa chimanga osaona munthu wogwira khasu. Ndinaona zambiri, ndipo ndinena zochepa.

Ndinaona anthu akukoka nyumba zathunthu kumbuyo kwa galimoto, kufika nazo m'nkhalango, kuziimika moyandikana, kenako aliyense kulowa m'yake ndi kuyatsa wailesi yakanema. Moni sapatsana. Ndinaona nkhalamba zambiri zikuyenda ndi agalu, zikuyankhula nawo, ana awo ali kutali. Ndinaona amuna obwera kunkhondo, ndevu pekepeke, atakhala okha pamoto osayang'ana munthu.

Anthu akuda m'malo amenewo ndinkatha masiku osawaona. Ena ankandifunsa ngati ndasochera. Pa golosale ina mayi wogulitsa anaika chenji pa thebulo kuopa kukhudza dzanja langa. Atamva kayankhulidwe kanga ndi kudziwa kuti ndine wa ku Afirika, anamwetulira ndi kuyamba kundifunsa za mikango. Khungu linali lomwelo.

Kunja kwa chipata cha nkhalango ina ndinaona eni dziko enieni, amene makolo awo ankasaka m'mapiri amenewo, akugulitsa mikanda m'mphepete mwa msewu. Mkati munali zikwangwani: osathyola duwa, osatola mwala, osadyetsa zimbalangondo. Mtengo amausamala m'dziko muno. Zimenezo ndiwayamikire.

Ku Yellowstone kuli malo amene madzi otentha amatumphuka pansi kupita m'mwamba. Anthu amakhala pa mabenchi kudikira. Madzi akatumphuka amaomba m'manja, amajambula, amathamangira ku magalimoto awo. Ine ndinakhala mpaka onse atapita, kudikira kuti mwina mkati mwanga mutumphuka kanthu. Munalibe.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Harlan. M'mawa wina njinga yanga inakana kulira. Ndinaiponda mpaka thukuta. Mzungu wina wachikulire, wamtali, ndudu ili pakamwa, anabwera kuchokera pa tenti yoyandikana. Sanapereke moni. Anangoti, "Pulagi ya injini yako yatha. Ukungovutitsa mwendo." Anandipatsa yake yapadera. Ndinamukonda pomwepo.

Harlan anali atapuma pa ntchito ya njanji. Kwawo kunali ku tauni yaing'ono ya ku Nebraska. Mkazi wake anali atamwalira, ndipo iye ankayendera malo onse amene mkaziyo ankafuna kukawaona koma sanapeze nthawi. Nayenso anali pa njinga. Tinayamba kuyenda limodzi kulowera kummwera, iye patsogolo, ine pambuyo. Dzina langa linamukanika, ankangoti Lim.

Tsiku lina tikudya nyemba za m'chitini ndinamuuza nkhani ya amayi. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Amalume akowo ndi amantha," anatero.

Mtima wanga unakondwa.

Anakoka fodya. "Kapena iwe ndiwe gonthi. Sindikudziwa. Sindinalipo."

Mbali yachiwiriyo ndinaitaya.

Lamlungu lililonse Harlan ankafunafuna telefoni ya m'kabokosi, ija yoponya ndalama zachitsulo, kuti aimbire mwana wake wamkazi, Carol. Anali mwana mmodzi yekhayo. Nthawi zina ankandipatsa foni kuti ndipereke moni. Carol ankaseka nati, "Lim, muziwaletsa fodya bambo angawo." Mawu anga ankawadziwa.

Tinadutsa m'dziko la miyala yofiira mpaka tinafika ku Grand Canyon. Ndi dzenje. Ndilibe mawu ena. Dzenje limene tsidya lake limaoneka ngati utsi. Harlan anaima m'mphepete nthawi yaitali chipewa chili m'manja. Ine ndinaona kuti ndi lalikulu, basi.

Kutacha Harlan anaphika khofi, ndi kukakhala pa benchi moyang'ana dzenjelo, kapu ili pabondo. Ine ndinkapinda tenti, ndikumufunsa za njira. Sanayankhe. Ndinaganiza kuti ndi khalidwe lake lomwe lija. Nditamaliza kumanga katundu ndinapita kukamugwira paphewa. Kapu inagwa.

Alonda a nkhalango anabwera msanga, ndi dokotala. Anati ndi mtima. Mlonda wamkulu anali mayi wovala chipewa chotambalala. Anandifunsa za abale, ndipo anati atumiza uthenga kwa apolisi a ku tauni ya Carol kuti akagogode pakhomo pake.

Ndinakana. Ndinati, "Amandidziwa. Ndimuuza ndekha." Musaganize kuti chinali chifundo. Chinali kunyada. Mumtima ndinkati, lero ndiwaonetsa amalume momwe uthenga umanenedwera. Mawu awiri, osazungulira. Bambo amwalira.

Mlonda uja anandiperekeza ku telefoni. Ndinaponya ndalama, ndinaimba. Carol anayankha. Kumbuyo kwake kunkamveka mwana akumenya supuni pa mbale.

"Lim? Lero si Lamlungu. Mafuta awathera pati nkhalambayo?"

Ankaseka.

Ndinatsegula pakamwa. Mawu awiri aja anali pomwepo, ndinkawaona. Sanatuluke. M'malo mwake ndinadzimva ndikunena m'Chingerezi kuti, "Carol, kuno sikuli bwino. Bambo anu adwala kwambiri. Mubwere."

"Ali chipatala chiti? Apatseni foni."

"Sangathe kuyankhula."

"Chabwino. Sabata ino kuntchito kwathina, koma Loweruka ndinyamuka. Muwauze kuti ndinawachenjeza za fodyayo."

"Adwala kwambiri, Carol."

"Ndamva, Lim."

Ndamva. Mawu anga omwe aja. Ndinayang'ana galasi la kabokosiko ndipo ndinadziona ndekha, munthu wa nkhope ya kwathu, atagwira chipewa cha njinga m'manja, akuyang'ana pansi. Ndinaona chipinda cha ku Fairfax kuchokera pabedi, mbali imene sindinakhalepo. Kutsogolo kuli mwana amene akadali ndi kholo, ndipo akhala nalo mpaka iwe utatsegula pakamwa. Iweyo ndi amene ukaliphe. Apo ndi pamene amalume anakhala, ndipo womwalirayo anali mlongo wawo wa bere limodzi.

Carol anali atatsala pang'ono kudula foni. Akanadula, akanagona usiku umenewo akukwiyira fodya, akanapita kuntchito, ndipo tsiku lina akanati ndinamulanda chinthu.

Ndinali ndisanapemphere chichokereni kwathu. Ndinatseka foni ndi chikhatho. Ndinapemphera m'Chichewa, chiyankhulo chimene ndinalumbira kuti sindidzachiyankhulanso. Pemphero lake linali lalifupi. Ndinati, "Ambuye Yesu, sindingathe. Nditsegulireni pakamwa."

Sindinaone kuwala. Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinangomva ngati munthu wakhala pambali panga, monga a Mwanza anakhalira pambali pa amalume. Ndiye ndinati, "Carol, khalani pansi. Sindinanene zoona. Bambo anu amwalira m'mawa uno. Anali atakhala pa benchi, akuyang'ana dzenje lija amayi anu ankafuna kudzaliona. Sanavutike. Sanali okha."

Analira. Ine ndinagwirabe foni. Ndalama zikatha ndinkaponya zina. Zanga zitatha, mlonda uja anapisa m'thumba lake. Kenako ndinazindikira kuti nanenso ndikulira, ndipo sindinkalirira Harlan yekha. Amayi anga ndinali ndisanawalire. Ndinali nditangowakwiyira amalume, chifukwa mkwiyo umapepuka kuposa maliro.

M'kabokosi ka telefoni kameneko ndi mmene Yesu anandipeza. Sindinamufunefune. Ndinayenda dziko lonseli kuthawa, ndipo anandidikirira kumapeto kwa msewu. Ndinamupempha kuti andikhululukire kuuma mtima kwanga, ndipo ndikudziwa kuti anatero, chifukwa chimwala chimene ndinachinyamula kuchokera ku Hyattsville sindinatuluke nacho m'menemo.

Thupi analitumiza ku Nebraska. Ine ndinalitsatira pa njinga. Maliro a kuno ena mwa inu simunawaonebe. Amakhala aukhondo. Mulu wa dothi amauphimba ndi kapeti wobiriwira wonga udzu, kuti anthu asauone. Abusa akamaliza, anthu amagwirana chanza ndi kupita kukadya, bokosi likadali pamwamba. Okwirira amabwera pambuyo ndi makina, pamene palibe wachibale.

Anthu atayamba kubalalika ndinamupempha Carol kuti atsale pang'ono. Tinadikira mpaka bokosi analitsitsa. Ndinakweza ngodya ya kapeti uja, ndinatapa dothi, ndinamuthira m'dzanja. Ndinati, "Kwathu mwana amaponya." Anandiyang'ana ngati ndapenga. Kenako anaponya. Linamveka pa bokosi. Anati, "Tsopano ndakhulupirira." Ine sindinaponye. Sanali manda anga.

Kuchokera kumeneko ndinaloza kummawa. Nkhalango zotsala sindinazionenso.

Ndinafika ku Hyattsville Loweruka masana, wakuda ndi fumbi. Ndinaima pakhomo limene ndinalimenyetsa lija. Belu lilipo, koma sindinalize. Ndinati, "Odi."

Anatsegula amalume eniake, nyuzipepala ili m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Anati, "Lowa. Wawonda."

Ndinagwada pa kapeti. Ndinati, "Amalume, munandiuza. Ine ndi amene sindinamve. Ndikhululukireni."

Anakhala pansi. Anati, "Ayi, mphwanga. Ndikanayenera kukuuza mwa njira imene ukanamva. Mawu anandikanika. Ndipo nditatuluka m'chipinda chako ndinkaganiza kuti wamva, koma wasankha mayeso. M'ndege monse ndinkakutukwana mumtima. Nanenso undikhululukire."

Zimenezo sindinazidziwe. Aliyense anali ndi mlandu wake pa mnzake, ndipo tonse tinali tikulira munthu mmodzi.

Kenako ananena chinthu china. Anati, "Kumanda kuja ndinaponya kawiri. Loyamba langa. Lachiwiri ndinati, achemwali, ili ndi la Limbani."

Lero ndaima pano kunena kuti Mulungu ndi wabwino. Mowa ndinasiya, ndipo sindinalimbane nawo kwambiri, chifukwa chimene ndinkamwera chinachoka. Mkwiyo umandibwererabe, sindinama. Dzulo lomweli ndakalipira munthu pa basi. Koma sumagonanso mwa ine. Ndimagwira ntchito ku galaja ya makanika uja. Ndinabatizidwa mu mpingo uno, ndipo amene anandigwira dzanja potuluka m'madzi ndi a Mwanza. Ulemerero upite kwa Yesu, amene amadziwa kuyankhula ndi munthu wogontha.

Inu makolo, ana anu awa akukula kuno. Mukawayankhula m'Chichewa amakuyankhani m'Chingerezi. Mawu amawamva, koma chipewa cha pabondo sachimva. Tsiku likadzafika, khalani nawo pansi, nenani mwaulemu monga kwathu, kenako nenani chinthucho ndi dzina lake. Mawu akakukanikani, pempherani. Ambuye amatsegula pakamwa, ine ndinaona.

Ndipo ngati muli muno wina amene wanyamula munthu mumtima, amene akuti anandilanda, anandinamiza, sindidzapondanso pakhomo pake, ndikukuuza ngati mnzako. Ine ndinagula njinga ndi kukafika kumapeto kwa dziko. Iwe usavutike. Yesu yemweyo ali muno. Bwera kutsogolo kuno abusa akaitana, ndidzaima nawe.

Chatsala ndi chimodzi. Kwathu sindinapitebe. Mapepala aja ndinawaononga ndekha, ndipo ndikatuluka m'dziko muno asanakonzedwe sindidzalowanso. Akukonzedwa pang'onopang'ono. Manda a amayi ndimangowadziwa pa chithunzi.

Amalume ndinawathokoza chifukwa cha kuponya kawiri kuja, ndipo ndikuwathokozabe pamaso panu. Koma limenelo linali dzanja lawo. Sindikulipiritsanso munthu, ndipo Mulungu alibe nane ngongole. Ndikungonena chimene chatsala, kuti chidziwike. Dothi lodzaza dzanja limodzi. Langa sindinaponye.